Chithunzi cha Lesia

Orest Pawluk wa ku Wakaw, katauni ka m'chigawo cha Saskatchewan, ankajambula zithunzi zopanda kanthu. Kumwamba mbee, pansi mbee, pakati kamzere kamodzi, ndiye penapake chakumbali mtengo umodzi wakuda bii, kapena mzati wa mpanda, kapena nkhokwe yakale ya tirigu itaima yokhayokha. Mitundu ayi, chakuda ndi choyera basi. Anthu a ku Tokyo ankazikhoma m'mahotela, a ku Zurich m'mabanki, ndipo ankati ukaziyang'ana mtima umakhala m'malo. Anthu a ku Wakaw ankati Orest wapeza mochenjerera, akugulitsa mapepala osalemba.

Ntchitoyi sanaiphunzire kusukulu iliyonse. Anayamba ndi kuyendetsa mathiraki a tirigu, kamera yoyamba n'kuigula kwa wansembe wina wopuma amene maso anali atamuthawa. Kuchokera pamenepo dziko analipondaponda: Hokkaido, Iceland, Patagonia, zigwa za mchere za ku Bolivia. Ndipo munthu amene wafika konseko amabwerako ndi nzeru imodzi, yakuti sinowo wa ku Saskatchewan alibe mnzake. Wa ku Hokkaido ndi wonyowa, amamata. Wa ku Iceland mphepo imamudetsa ndi mchenga. Wa kuno ndi wouma ngati ufa, amagona chigonere kuchokera pamapazi ako mpaka kumene maso alekezera, osapindika pena paliponse. Amene akufuna kutsutsa ayambe wagula tikiti.

Lamlungu likubweralo Orest ndi mkazi wake Lesia ankakwanitsa zaka makumi anayi ali pabanja. Mwambo wake ngodziwika: mukatuluka m'tchalitchi mumapita kuholo, amayi abweretsa mapirogi, timikate totsekera mbatata mkati, ndi kabichi wokulunga, wina abweretsa akodiyoni, ndipo pafupi ndi khomo pamakhala tebulo la zithunzi kuti olowa aziseka tsitsi lanu lakale. Mwana wawo Oksana anabwera Lachitatu kuchokera ku Saskatoon kudzakonza tebulolo. Anatsikira kuchipinda chapansi kumene bambo ake ankasungira mafilimu, nakhalako mpaka chakudya chamasana chinazizira.

Atakwera anali ndi fumbi m'mawondo.

"Adadi, chithunzi cha amayi chili kuti?"

"Cha ukwati chili pakhomapo," anatero Orest, akupaka batala pabuledi.

"Chimenecho anajambula ndi amalume a Myron. Ndikunena chojambula inuyo. Ndikufuna chikhale pakati patebulo."

"Chilipo. Yang'ana m'madilowa a ku Hokkaido."

"Ndayang'ana. Muli mitengo. M'dilowa la ku Iceland muli miyala. Ndapeza mzati umodzi wa mpanda wa kumunda kwa a Boyko mutaujambula chaka ndi chaka ngati mwana woyamba. Ngakhale ine mulibe, koma zanga zisiyeni. Amayi mulibe, adadi. Ngakhale chigongono."

Orest anaseka kuseka kwake kwakukulu kuja. "Ine sindijambula anthu, mwana wanga. Zimenezo dziko lonse likudziwa. Munthu m'chithunzi amachita phokoso."

Lesia anali pa kauntala akutsina mapirogi, ndipo sanatembenuke. Anatsina lina, naliika pathireyi, natsinanso lina.

"Phokoso," anatero. "Wamva, Oksana? Ndine phokoso."

"Sindinatero, Lesia."

"Miyendo ya kamera ku Hokkaido ananyamula ndani? Ambulera ku Iceland anagwira ndani, mvula ikundilowa m'khosi kuti galasi lako lisanyowe? Oksana, ukudziwa mmene ine ndimayendera ndi bambo akowa? Pambuyo. Ndimaponda momwe aponda iwo, phazi m'phazi, kuti ndisawaonongere sinowo. Tsiku lina ndinaiwala, ndinapatuka pang'ono kukaona mapazi a nkhandwe. Anandipatsa tsache kuti ndifafanize mapazi anga."

"Linali burashi lofewa," anatero Orest.

"Adadi, khalani chete," anatero Oksana.

Lesia anapukuta manja pa epuloni, natembenuka. Sanakweze mawu. Iye sanali munthu wokweza mawu, ndiye chifukwa chake akalankhula agalu a m'mudzimo ankamvera.

"Tamvera, Orest. Lamlungu patebulo paja pakhale chithunzi changa chojambula iwe. Apo ayi, keke udula wekha. Mchemwali wanga Stefania chimwalirireni mwamuna wake ali ndi chipinda chongokhala ku Winnipeg, ndipo wakhala akundiitana. Sindikunena zokachezako."

Orest anamuyang'ana, nayang'ana Oksana, naona kuti palibe amene akumwetulira. Ndiye anamenya tebulo ndi chikhatho.

"Chithunzi? Ukufuna chithunzi kwa Orest Pawluk? Mayi, upeza chithunzi chimene mkazi aliyense m'chigawo chino adzalira nacho nsanje! Mabwana a ku Toronto andipempha kuti ndiwajambule, ine n'kukana. Iwe ndiye woyamba."

"Ndamva," anatero Lesia, nabwerera ku mapirogi ake.

Lachinayi kunacha ndi dzuwa, ndipo Orest anakana kutuluka. Dzuwa limabweretsa mithunzi, mithunzi imadula sinowo zidutswazidutswa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Iye anadikirapo mlungu wathunthu m'kahema ku Patagonia chifukwa cha mtambo umodzi. Oksana anamuuza kuti amayi si mtambo. Orest anayankha kuti aliyense azidziwa ntchito yake.

Lachisanu kunacha monga ankafunira. Thambo linali loyera ngati mkaka, dziko loyera chimodzimodzi, moti pokumana pake panalibe msoko. Kamphepo kankakwekwesa sinowo pansi, m'mawondo. Orest anakweza katundu m'galimoto akuimba nyimbo za kutchalitchi.

Anapita kumunda wa a Boyko, kumene kuli mtengo umodzi pakati pa dambo lonse lija. Kuti mapazi a Lesia asaoneke, Orest anamutsitsira kumsewu wakumpoto kuti aufikire mtengowo chakumbuyo, iye nazungulira kumsewu wakumwera ndi kamera.

"Ukafika ukaime kudzanja lamanja kwa mtengo," anamuuza. "Osati pafupi kwambiri. Pakhale mpata woti chithunzi chipume."

"Nanga iwe ukhala kuti?"

"Uko, pampanda."

Lesia anayang'ana kumpandako. "Kumene kuja? Nkhope yanga uiona bwanji?"

"Iwe zisiye kwa ine."

Kamera ya Orest inali ya mtundu wakale, bokosi lalikulu lamatabwa lokhala pamiyendo itatu, lodya filimu imodzi yaikulu ngati chikhatho nthawi iliyonse. Wojambula amafunda nsalu yakuda kumutu n'kuyang'ana pagalasi lakumbuyo, pamene dziko limaoneka chadodolido. Orest atafunda nsaluyo anapuma mozama. Mtengo unali lende kuchokera kumwamba, ndipo pambali pake panali kadontho kakuda, kowongoka, kofanana ndi msomali. Kadonthoko kanali Lesia. Kanakhala pamalo pake penipeni, moti Orest anadzifunsa chifukwa chake sanaganizepo zimenezi kale.

Chinamuvuta n'chimodzi: sinowo wouluka m'munsi uja. Ukajambula mwachangu amaoneka ngati zinyalala. Mankhwala ake ojambula a mtundu wa Orest amawadziwa ali m'tulo. Umavala galasi lakuda kutsogolo kwa kamera kuti kuwala kuzilowa pang'onopang'ono, n'kusiya diso la kamera lotsegula nthawi yaitali, yokwana kumwa khofi. Chilichonse choima chimakhazikika pafilimu, chilichonse choyenda chimasungunuka. Mafunde amasanduka nkhungu, mitambo imasanduka silika. Ku Venice Orest anajambulapo bwalo lodzaza alendo masana dzuwa likuswa mtengo, pachithunzi n'kutuluka bwalo lopanda munthu ndi mmodzi yemwe. Manja ake anatulutsa galasi lakuda m'thumba n'kulimanga okha, mutu usanafunsidwe.

"Usagwedezeke!" anakuwa.

Mphepo inatenga mawuwo n'kupita nawo kutali ku Manitoba. Lesia anangoona mwamuna wake akukweza dzanja, nayenso anakweza lake.

Orest anatsegula diso la kamera. Kenako anachita zimene ankachita nthawi zonse: anaima chotchinga mphepo kuti isagwedeze bokosi, maso pa wotchi, maso kuthambo, kuopa kuti dzuwa lingaboole. Imeneyi ndiyo nthawi imene ankaikonda pa ntchito yonse. Kunali zii. Ankangomva magazi ake m'makutu ndi kunong'ona kwa sinowo pansapato. Munthu wolongolola ngati iye, amene ankatha kuyankhula kuchokera ku Wakaw mpaka ku Regina osameza malovu, apa ankakhala duu, ndipo mumtima mwake munkayera ngati dambolo.

Kumtengo sanayang'aneko. Mitengo sithawa.

Koma Lesia ankazizidwa. Anaima njo kwa kanthawi, akumwetulira kamera imene sankaiona bwino. Zala zakumapazi zitayamba kufa anayamba kupondaponda. Anadzimenya m'mapewa. Anauzungulira mtengo kuti magazi ayende, nabwerera, nauzunguliranso. Ataona kuti Orest wangoima chomufulatira, anaganiza kuti sanayambe.

"Watha?" anafunsa Lesia atakumana kugalimoto.

"Ndatha! Lesia, lero wakwatiwanso."

"Wajambula liti?"

"Iwe zisiye kwa ine."

Masana omwewo Orest anadzitsekera m'chipinda chamdima. Anatsuka filimu, naiumitsa, naiwalitsira papepala, naviika pepalalo m'beseni la mankhwala pansi pa getsi lofiira. Mtengo unatuluka poyamba, nthambi iliyonse yakuthwa ngati yolemba ndi singano. Pansi pake sinowo anali wosalala, wopanda chilema. Ndipo kudzanja lamanja kwa mtengo kunali kanthu kotuwa, kopyapyala, kokhala ngati mpweya wotuluka m'kamwa m'mawa wozizira, kakukulunga tsinde mbali imodzi.

Orest anaona zithunzi zambiri pa moyo wake, zake ndi za ena, m'nyumba zosungira zithunzi za m'mayiko atatu kapena anayi. Chonga ichi anali asanachione. Anakwera masitepe pepala likudontha madzi.

"Lesia! Oksana! Bwerani mudzaone zimene bambo wa nyumba ino wachita!"

Anachiyala patebulo la kukhitchini. Amayi ndi mwana anawerama.

"Taonani kutuwako! Zimenezi sungazipange dala, ngakhale utapemphera. Mayi wa ku Toronto amene amandigulitsira zithunzi akachiona agwa pampando. Ichi chipita ku Tokyo, ndikukuuzani. Ichi chikhala pachikuto cha buku."

"Ndili pati?" anafunsa Lesia.

Orest analoza. "Apa."

"Utsiwu?"

"Si utsi. Ndiwe. Kungoti unkayendayenda, ndiye galasi lakuda lija..."

"Munavala galasi lakuda," anatero Oksana pang'onopang'ono. "Lochotsera anthu lija. Pojambula amayi."

"Linali la sinowo! Sinowo ankauluka!"

Lesia anachiyang'ana nthawi yaitali. Anavala magalasi ake, nachiyang'ananso.

"N'chokongola," anatero. "Ndikunena zoona, Orest, n'chokongola kuposa zonse. Nkhope yakoyo ikuchita kuwala. Chitumize ku Tokyo."

Anavula magalasi, nakwera kuchipinda. Posakhalitsa anamva chitseko cha kabati, kenako mawilo a sutikesi pathabwa.

"Adadi," anatero Oksana, "inu ndinu munthu wanzeru kwambiri amene ndimamudziwa, komanso mbuzi."

Loweruka m'mawa kunazizira koti mphuno zinkamatana. Dzuwa linali ngwee, mithunzi paliponse, tsiku loipa kwambiri pa ntchito ya Orest. Iye anali pawindo la kukhitchini ndi khofi amene sankamumwa. Anaona Lesia akukoka sutikesi pabwalo, naiponya kumbuyo kwa galimoto. Anamuona akuzula chingwe chamagetsi chimene chimafunditsa injini usiku, nachikulunga bwinobwino monga mwa masiku onse, naliza galimoto. Kuzizira kotere galimoto sunyamuka nayo pomwepo. Umaisiya ilire kaye mpaka itenthe. Lesia anatenga chopalira nayamba kupala madzi oundana pagalasi lakutsogolo.

Orest anadziwa kuti nthawi imene watsala nayo ndi yomwe injiniyo itenge kuti itenthe.

Anatsika masitepe ngati mnyamata, nakwera ndi bokosi lake paphewa, miyendo itatu ikukokera kumbuyo ndi kugunda zitseko. Anatuluka ndi masilipasi, jekete osamanga. Anaimika kamera pabwalo pomwepo, pafupi ndi Lesia moti akanatha kumugwira.

"Chotsa chinthu chakocho, ndingachigunde," anatero Lesia, osaleka kupala.

"Gunda. Ndili nazo zitatu."

Anafunda nsalu. Pagalasi lakumbuyo munadzaza zinthu zimene moyo wake wonse ankazithawa: bini ya zinyalala, thiraki yofiira ya aneba, mawaya amagetsi, fosholo yotsamira khoma, utsi wa galimoto, sinowo wopondedwapondedwa wosanganikira ndi matope. Pakati pa zonsezo panali nkhope ya Lesia chadodolido, yaikulu, mpango utapendekeka, mphuno itafiira. Orest anapotokola kachitsulo mpaka makwinya a m'mbali mwa maso anaoneka limodzilimodzi. Anazindikira kuti pachibwano pali kachipsera kamene sankakadziwa.

"Chipsera ichi unachitenga kuti?" anafunsa ali m'nsalumo.

"Ku Bolivia. Ndinagwa ndi chikwama chako cha mafilimu."

"Sunandiuze."

"Ndinakuuza. Unafunsa ngati mafilimu ali bwino."

Orest anatuluka m'nsalu tsitsi lili nyankhalala. Analowetsa filimu, nakonza kamera kuti iphethire mwachangu, zimene zala zake zinali zitaiwala.

"Ndiime bwanji?" anafunsa Lesia mwaukali. "Kumanja kwa bini? Pakhale mpata woti ipume?"

"Ima mmene ukufunira. Pala, yankhula, nditukwane."

"Ndikutukwanadi. Chitsiru cha munthu, wayenda dziko lonse lapansi kufunafuna malo opanda anthu, pamene ukanangokhala pakhomo n'kudikira kuti tonse tikuthawe. Ndipo taona mapazi akowo, uduka zala, nkhalamba yopanda..."

Kamera inati tcha.

Lesia anaima, chopalira m'manja. Injini inali itasintha kale kaliridwe, yatentha. Oksana anali pakhomo atafunda bulangete.

"Pakamwa panali potsegula," anatero Lesia.

"Panali potsegula."

"Ujambulenso."

"Ayi. Chimenecho ndiye chako."

Lesia anayang'ana msewu, nayang'ana bokosi lamatabwa lija. Anatsegula chitseko cha galimoto, nazimitsa injini, koma sutikesi anaisiya momwemo.

"Ndichione kaye," anatero. "Ndipo ndilowa nawo. Sindikufuna kudzamva kuti mankhwala andidya."

M'chipinda chamdima Lesia anali asanalowemo chiyambire. Ntchito yake inkathera pachitseko cha chipindacho. Anakhala pampando wamatabwa mumdima wa ndiweyani, akumva madzi akuchucha ndi mwamuna wake akupuma ngati ng'ombe. Filimu itatsukidwa Orest anati iyenera kuuma yokha mpaka madzulo, chifukwa ndi mmene amachitira akatswiri. Lesia anatuma Oksana kukatenga choumitsira tsitsi. Orest anaiumitsa nacho monyinyirika.

Kenako getsi lofiira, pepala m'beseni, Orest akugwedeza beseni pang'onopang'ono. Poyamba panalibe kanthu. Ndiye panatuluka maso awiri, akuda, olunjika. Nsidze zokwinya. Mpango. Pakamwa potsegula, dzino lagolide likuonekera. Dzanja lili m'mwamba ndi chopalira ngati likufuna kumenya munthu. Kumbuyo bini, mawaya, thiraki ya aneba, zonse tayale.

Lesia anawerama mpaka mpango unatsala pang'ono kulowa m'mankhwala.

"Mayo ine," anatero. "Ndakalamba chonchi?"

"Wakalamba."

"Ndiye ndimaoneka chonchi ndikamakukalipira?"

"Masiku onse."

"N'chifukwa chake umathawira ku Patagonia." Anawerameranso beseni. "Ndafanana ndi amayi anga. Taona chibwanocho. Oksana! Tabwera udzaone agogo ako!"

"Musatsegule chitseko!" anakuwa Orest. "Pepala lipsa!"

Orest anasamutsira chithunzicho m'beseni lachiwiri, kenako lachitatu, ndipo atayatsa getsi loyera onse atatu anachizungulira. Orest, amene sankatha kuona chithunzi chake osanena dziko limene chikapachikidwe, ulendo uno anangokanda m'mutu.

"Mawayawo ndingathe kuwachepetsa," anatero. "Ndi biniyo. Pali njira yake."

"Usakhudze kanthu," anatero Lesia. "Biniyo ndinagula ndine."

"Amayi, anthu akaseka mawa," anatero Oksana, iye mwini akuseka kale, misozi ili m'maso.

"Aseke. Akhala akuseka mapepala osalemba zaka zonsezi, aone kuti bambo ako amathanso kujambula munthu." Anatembenukira kwa Orest. "Uchikulitse. Ndikufuna Olga Boyko achione ali pakhomo, asanavule n'chikhoto chomwe. Ndipo ukatha ukanditengere sutikesi m'galimoto, muli diresi la mawa. Uvale nsapato."